Amosi, Mbusa wa ku Tekowa

Mwa aneneri onse amene mau ao adasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa ndi dzina lao, woyamba kulalika ndi Amosi. Kwao kudali ku Tekowa, mudzi wa m'mapiri a Yuda, mamailosi ngati 10 kumwera kwa Yerusalemu. Sadali wansembe, sadakhaleponso m'gulu la aneneri. Adali woweta nkhosa ndi wosamala mitengo ya mikuyu. Kubusa komweko ndiko Mulungu adamtenga, cha m'ma 760 Khristu asanabadwe, namtuma ku Israele, ufumu wakumpoto umene udapatukana ndi Yuda atamwalira Solomoni.

Masiku amenewo, Yerobowamu Wachiwiri ali mfumu, Israele adali pabwino. Malonda adali kuyenda, nsembe zidali kufuka kosalekeza ku Betele, ndipo akuluakulu a ku Samariya ankagona pa makama okongoletsedwa ndi minyanga ya njovu. Izi si zokokomeza ai, pakuti ofukula mabwinja a Samariya adapezamo zidutswa zambirimbiri za minyanga yosemasema. Koma maso a mbusa adaona zina. Adaona amphawi akugulitsidwa ukapolo chifukwa cha ngongole yosaposa mtengo wa nsapato, oweruza akulandira ziphuphu pabwalo la milandu, ndi amalonda akuchepetsa miyeso ya tirigu, nagulitsa ndi mankhusu omwe.

Ulaliki wake adauyamba mwanzeru. Adatchula milandu ya mitundu yozungulira: Damasiko, Gaza, Tiro, Edomu, Amoni ndi Mowabu, kenaka Yuda. Tingathe kuganiza m'mene omvera adagwedezera mitu movomereza, poti mlandu wa mnzako umakoma kumva. Pomaliza adatembenukira Aisraele eni ake, ndipo mlandu wao udatalika kuposa ina yonse.

Apa ndipo pagona phata la uthenga wake, ndipo akatekisiti achita bwino kupasamala pophunzitsa. Aisraele ankayesa kuti popeza Mulungu adawasankha nawatulutsa ku Ejipito, chiweruzo chake chidzagwera adani ao okha. Ankalakalaka Tsiku la Ambuye ngati tsiku la chigonjetso. Amosi adawauza kuti kusankhidwa komweko ndiko kudzakulitsa mlandu wao, kuti tsikulo lidzakhala la mdima, ndi kuti Mulungu anyansidwa ndi maphwando ndi nyimbo za anthu opondereza osauka. Mitundu ina ija adaitsutsa makamaka chifukwa cha nkhanza za pankhondo. Israele, chifukwa cha zimene ankachitira abale ake pamsika ndi pabwalo.

Munthu asayese kuti Amosi ankakondwera ndi chilango. M'masomphenya ake awiri oyamba, a dzombe ndi a moto, adapembedzera mtunduwo podandaula kuti ngwochepa, ndipo Mulungu adaleza mtima. M'masomphenya achitatu, a chingwe choyesera khoma, kupembedzera sikumvekanso.

Amaziya, wansembe wa ku Betele, adamneneza kwa mfumu kuti akuchita chiwembu, namlamula kuti abwerere ku Yuda akadyere uneneri wake kumeneko, popeza Betele adali malo opembedzerapo a mfumu. Amosi adayankha kuti uneneri sudali ntchito yake yodyera, koma Mulungu ndiye adamchotsa pambuyo pa nkhosa. Adaneneratu pamaso pa wansembeyo kuti Israele adzatengedwa ukapolo.

Sizidathe zaka 40: cha m'ma 722 Khristu asanabadwe, Aasiriya adalanda Samariya natenga anthu ambiri kunka nao kutali, ndipo ufumu wakumpoto sudadzukenso. Mau a Amosi adasungidwa ku Yuda, m'buku la mitu 9 limene litha ndi lonjezo lakuti nyumba yakugwa ya Davide idzamangidwanso. Lonjezo limeneli ndilo Yakobo Woyera adakumbutsa Apostoli pa msonkhano wa ku Yerusalemu, pamene adagamula zolandira anthu a mitundu ina mu Eklezia popanda kuwaumiriza mdulidwe. Eklezia amamkumbukira Amosi pa 15 June.