Mwamuonetsetsa bambo wa pa K50 uja?

Mukakwera minibasi pa Biriwiri kulowera ku Lizulu, kondakitala akakubwezerani chenje cha K50, ambiri mumangoifinyira m'thumba osaiyang'ana n'komwe. Ndalamayi masiku ano siigula kanthu kooneka, eti? Koma tsiku lina mudzaitambasule bwinobwino. Nkhope ili pamenepoyo ndi ya Inkosi ya Makhosi Philip Zitonga Gomani II, mfumu yaikulu ya Angoni a kwa Maseko, yemwe likulu lake linali pa Lizulu pomwepo, pamsewu womwewu wa M1 umene timadutsa tsiku ndi tsiku.

Ine ndimawakumbukira mfumuwa ndikamva anzanga akudandaula kuti akufuna kusintha zinthu pamoyo wawo koma mantha akuwagwira. Ngati panali munthu amene anali ndi chifukwa chomveka chochitira mantha, ndi iwowa.

Tiyambire mu Okutobala 1896. Asilikali a Angerezi anagwira bambo awo, Gomani Chikuse, amene anakana kugonjera ulamuliro wa atsamunda, ndipo anawapha. Manda awo ali ku Nkolimbo m'boma lomweli la Ntcheu, komwe masiku ano kumachitikira mwambo wa Umhlangano. Nthawi imeneyo Zitonga anali kamwana kakang'ono. Anakula akudziwa bwino lomwe chimene chimachitikira mfumu yotsutsana ndi mzungu. Nkhani imeneyi sanachite kuiwerenga m'buku ayi, inali ya m'nyumba mwawo.

Atalowa ufumu mu 1921, dziko linali litasinthiratu. Nthawi ya nthungo ndi zishango inali itapita, malire a Angerezi ndi Apwitikizi anali atadula Angoni pakati, ena mbali ino, ena ku Angonia. Mfumu yachinyamatayi ikanatha kungokhala n'kumalira ulemerero wakale. Koma sinatero. Inalowa Chikhristu, inalimbikitsa anthu ake kutumiza ana kusukulu, kusamala ukhondo m'midzi komanso kulima mwamakono. Kwa mwana wa mfumu yankhondo, uku kunali kusintha kwakukulu ndithu. Boma la atsamunda linayamba kuwaona a Gomani ngati mfumu yachitsanzo, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ankagwira nalo ntchito popanda mkangano waukulu.

Apa ndiye pali phunziro limene ambiri timalidumpha. Kusintha uli mnyamata wopanda chotaya n'kosavuta kwenikweni. Kovuta ndi kusintha pamene uli ndi mpando, ulemu, malipiro komanso dzina labwino kwa mabwana. Pofika 1953, a Gomani anali ndi zonsezi. Analinso munthu wachikulire, thupi likuvuta ndi matenda. Aliyense akanawamvetsa akanati angokhala chete n'kumalizitsa ufumu wawo mwamtendere.

Chaka chimenecho boma la Britain linatsimikiza zophatikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia kukhala chitaganya chimodzi. Anthu akuno anakana kwamtuwagalu. Ambiri anali atagwirako ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo ankadziwa mmene munthu wakuda ankakhalira kumeneko: malo abwino kwa azungu, chitupa m'thumba nthawi zonse. Mafumu anatumiza nthumwi ku London kuti zikadandaule kwa Mfumukazi, koma sizinaloledwe kuonana nayo. Zitatero, chipani cha Nyasaland African Congress pamodzi ndi mafumu anagwirizana zoti anthu asiye kugwirizana ndi boma, koma mopanda ziwawa.

Kugwirizana pamsonkhano ndi nkhani ina, kuchita ndi nkhani inanso. Mu Meyi 1953, a Gomani analamula poyera kuti anthu awo asiye kutsatira malamulo a malimidwe amene boma linkakakamiza, aja okumba migula ndi kupanga mizere, omwe munthu akalephera ankalipitsidwa chindapusa. Tangoganizani: mfumu imene boma linkaidalira pa ntchito ngati zomwezi ndiyo ikuuza anthu kuti basi, zakwana.

Boma linawauza kuti abweze lamulolo. Apa panali khomo lothawira, lotseguka bwinobwino. Akanangoti pepani bwana, ndinalakwitsa, mpando ukanakhala wawo. Iwo anakana. Paja akuluakulu amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby linawaimitsa paufumu n'kulamula kuti achotsedwe m'boma la Ntcheu.

Apolisi atafika pa Lizulu kudzawatenga, anthu anatchinga ndipo panabuka chipwirikiti. M'kati mwa chisokonezocho, mfumu yodwalayo inazembetsedwa kulowa mbali ya Apwitikizi, limodzi ndi mwana wake Willard komanso m'busa wa Anglican, Michael Scott, yemwe ankadziwika polimbana ndi tsankho ku South Africa. Inu a ku Biriwiri mukudziwa kuti kuno Mozambique si kutali, kungodumpha msewu wafika. Koma Apwitikizi nawonso anali atsamunda. Anawagwira n'kuwabweza m'manja mwa Angerezi. Scott anathamangitsidwa m'dziko muno, Willard anamangidwa, ndipo a Gomani sanabwererenso pampando wawo. Anamwalira mu Meyi 1954 ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo, kutali ndi kwawo.

Tinene zoona, nkhaniyi siinathe ngati filimu. Chitaganya chinayamba ndithu mu 1953 momwemo. Ena mwa mafumu amene anatula pansi maudindo pokwiya anabwerera m'mipando yawo zinthu zitatentha. Congress nayo inasiya ndondomeko ija patangopita miyezi yochepa. Munthu woona ndi maso a nthawi imeneyo akanati a Gomani angotaya ufumu pachabe. Koma dzina lawo linakhala likutchulidwa m'misonkhano ya omenyera ufulu, chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 Malawi inalandira ufulu wodzilamulira. Mwiniwake sanazione zimenezi. Willard uja ndiye anadzakhala Gomani III.

Wina atha kufunsa kuti, nanga si mfumuyi inkakana kusintha, popeza chitaganya chinali chinthu chatsopano? Ayi. Si chatsopano chilichonse chimene chili chabwino. Sukulu anailandira chifukwa inkakweza anthu awo, chitaganya anachikana chifukwa chikanawapondereza. Kusintha kwenikweni kunachitika mwa iwo eni: munthu amene anazolowera kumvana ndi boma kwa zaka zambirimbiri anavomera kuti njira yakeyo yafika pamapeto, ndipo anaisiya ngakhale ankadziwa mtengo wake.

Ifeyo lero palibe akutiopseza ndi mfuti. Zathu ndi zina: kusiya ntchito imene ikutidya moyo, kubwerera kusukulu kukalembanso MSCE anzathu akutiseka, kusiya kampani ya anzathu a mowa, kuyamba kulima kachewere kapena kabichi mmalo modikira ntchito ya muofesi imene siikubwera. Timalemba pa WhatsApp kuti chaka chino zisintha, koma akangotiyang'ana ndi diso lofiira, kapena mwezi woyamba ukangovuta, timabweza mawu. Pamenepo ndi pamene a Gomani anasiyana nafe. Mantha sangalephere kukhalapo kwa munthu amene bambo ake anaphedwa pa mlandu wofananawo. Koma atapatsidwa mpata wobweza, sanabweze.

Tsono mukadzalandiranso K50 pa Biriwiri, musafulumire kuidandaula kuti siigula kanthu. Ionetsetseni kaye, kenako mudzifunse kuti chija mwakhala mukuti mudzayamba mawachi, mudzachiyamba liti, ndipo zikadzavuta mudzaima pati.