Hans Krebs ndi Minofu ya Nkhunda

Ambirife dzina la Krebs timalidziwa chifukwa cha chithunzi chozungulira chija cha m'mabuku a bayoloji, koma ndikukayika ngati mwini dzinalo timamudziwa. Ndiloleni ndikuuzeni za munthu ameneyu.

Hans Krebs anabadwa pa 25 Ogasiti 1900 ku Hildesheim, m'dziko la Germany. Bambo ake anali dokotala ndipo iyenso anaphunzira udokotala. Kuyambira 1926 mpaka 1930 anagwira ntchito ku Berlin ndi Otto Warburg, amene anamuphunzitsa kuyeza oxygen amene tizidutswa ta minofu timagwiritsa ntchito. Mu 1933 boma la Hitler linamuchotsa ntchito ku Freiburg chifukwa anali Myuda. Anathawira ku Cambridge, ndipo mu 1935 anasamukira ku Sheffield.

Kumeneko iye ndi wophunzira wake William Johnson ankagaya minofu ya pachifuwa cha nkhunda, poti minofu youlukira imapuma kwambiri. Atathiramo citric acid pang'ono chabe, minofuyo inatenga oxygen wochuluka kuposa amene akanafunika kuwotcha asidiyo. Apa ndi pamene ine ndimamugomera Krebs, chifukwa anazindikira kuti asidiyo sakutha koma akupangidwanso.

Zimayenda motere. Shuga wochokera m'chakudya, tinene nsima, amaphwanyidwa mpaka kutsala kachidutswa ka ma carbon awiri. Kameneka kamalumikizana ndi oxaloacetate wa ma carbon anayi, n'kupanga citric acid wa ma carbon asanu ndi limodzi. Kenaka ma carbon awiri amachoka ngati carbon dioxide amene timapumira kunja, ndipo oxaloacetate uja amabwerera kukalandira kachidutswa kena. Hydrogen wochotsedwa m'njiramo amapita kukakumana ndi oxygen n'kupanga madzi, ndipo mphamvu yotuluka pamenepo selo limaisunga mu ATP. Zoti zonsezi zimachitikira mu mitochondria anadzazipeza ena pambuyo pake.

Mu 1937 magazini ya Nature inamubwezera nkhani yakeyi ponena kuti malo analibe. Inatuluka mu Enzymologia, magazini ya ku Netherlands. Mu 1953 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Fritz Lipmann, amene anapeza coenzyme A, yonyamula kachidutswa ka ma carbon awiri kaja. Chaka chotsatira anakakhala pulofesa ku Oxford, komwe anamwalirira pa 22 Novembala 1981.