Zamenhof: dokotala wa maso amene adapanga chiyankhulo

Chiyankhulo munthu amachita kuyamwira kubere la mayi ake. Koma ku Poland kudali mkulu wina amene adakhala pansi n'kupanga chake, ndipo mpaka lero anthu akuchiyankhulabe. Mkuluyu ndi Ludwik Lejzer Zamenhof, amene adayambitsa chiyankhulo cha Esperanto.

Zamenhof adabadwa pa 15 Disembala 1859 mumzinda wa Białystok, umene panthawiyo udali pansi pa ulamuliro wa Russia. Makolo ake adali Ayuda, ndipo bambo ake, a Markus, adali mphunzitsi wa ziyankhulo.

Mumzindawo mudali Ayuda, anthu a ku Poland, a ku Russia ndi a ku Germany. Mtundu uliwonse udali ndi chiyankhulo chake komanso chipembedzo chake, ndipo chidani chidali chachikulu. Mnyamatayu adakula akuona anthu akunyozana pamsika, ndipo adatsimikiza mumtima kuti gwero la udaniwo ndi kusamvana chiyankhulo.

Banjali litasamukira ku Warsaw, iye adayamba ntchitoyi akadali kusekondale. Pofika mu 1878 adali atalemba kale chiyambi cha chiyankhulocho, koma bambo ake adamuuza kuti ayambe waphunzira ntchito yoti idzamudyetse. Adakachita maphunziro a udokotala ku Moscow ndi ku Warsaw, ndipo pambuyo pake adakhala dokotala wa maso.

M'chaka cha 1887 adakwatira Klara Silbernik, ndipo ndalama zochokera kwa apongozi ake ndizo zidathandiza kusindikiza kabuku kake koyamba m'chaka chomwecho. Kabukuko kadatuluka m'chiyankhulo cha ku Russia, ndipo mudali malamulo 16 okha a galamala ndi mawu pafupifupi 900. Pachikuto sadalembepo dzina lake lenileni koma Doktoro Esperanto, kutanthauza dokotala wachiyembekezo. Dzinali ndilo lidakakamira chiyankhulocho.

Chodabwitsa n'chakuti mkuluyu adakana kukhala mwini wake wa chiyankhulocho. Adachipereka kwa aliyense wofuna kuchigwiritsa ntchito. Cholinga chake sichidali kupha ziyankhulo za makolo, koma kuti anthu a mitundu yosiyana akakumana azikhala ndi chiyankhulo chachiwiri chosakondera mbali.

Kuti ntchito ya Zamenhof imveke bwino, ndi bwino kuiyerekeza ndi Quechua, chiyankhulo cha kumapiri a Andes ku South America. Nachonso chidagwirapo ntchito yolumikiza mitundu, koma mwa njira ina. Mafumu a Inca adachifalitsa mu ufumu wawo wonse, ndipo anthu a ku Spain atafika mu 1532, ansembe adachitenga n'kumalalikira nacho. Wansembe Domingo de Santo Tomás adasindikiza galamala yake mu 1560.

Choncho Quechua adafala ndi mphamvu ya mafumu ndi mpingo, pamene Esperanto adalibe mfumu, dziko kapena asilikali. Adangodalira makalata, timabuku ndi anthu odzipereka.

Komabe ziyankhulo ziwirizi zimafanana pa kamangidwe ka mawu. Zonse zimalumikiza tizidutswa, monga momwe Chichewa chimachitira. Mu Quechua nyumba ndi wasi, nyumba zambiri ndi wasikuna, ndipo wasiykunapi ndiye kuti m'nyumba zanga. Mu Esperanto, sana ndi wathanzi, malsana ndi wodwala, malsanulo ndi munthu wodwala, pamene malsanulejo ndi chipatala.

Kusiyana kulipo. Mu Quechua woyankhula amaika kachidutswa -mi ngati nkhaniyo adaiona yekha, ndi -si ngati adangoimva kwa ena. Esperanto alibe zimenezi. Komanso mawu ambiri a Esperanto adachokera ku ziyankhulo za ku Ulaya, n'chifukwa chake ena amadandaula kuti chiyankhulochi chimapepukira azungu kuposa anthu a ku Africa kapena ku Asia.

Ntchitoyi sidamulemeretse Zamenhof. Kwa zaka zingapo adavutika kupeza odwala okwanira, mpaka adasamukira ku Grodno. Atabwerera ku Warsaw adakhala m'dera la Ayuda osauka, kumene amachiza anthu pamtengo wotsika. Usiku ndiye amayankha makalata ndi kumasulira mabuku, kuphatikizapo sewero la Hamlet ndi Chipangano Chakale chonse.

Chimwemwe chake chidafika pachimake mu 1905, pamene anthu 688 ochokera m'maiko osiyanasiyana adasonkhana ku Boulogne-sur-Mer ku France. Kumeneko anthu amene sakadamvana m'ziyankhulo zawo adacheza popanda womasulira. Mu 1912 iye adatula pansi utsogoleri wa gululo.

Koma mu 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka ali paulendo wopita kumsonkhano wa ku Paris, umene udalephereka. Maiko amene amafuna kuwayanjanitsa adayamba kuphana. Zamenhof, amene amadwala mtima, adamwalira ku Warsaw pa 14 Epulo 1917 ali ndi zaka 57.

Zoopsa zenizeni zidagwa iye atapita kale. Adolf Hitler adadana ndi Esperanto ponena kuti ndi chida cha Ayuda, ndipo ku Soviet Union boma la Stalin lidamanga ndi kupha ambiri ochiyankhula. Ana onse atatu a Zamenhof adaphedwa ndi chipani cha Nazi. Adam adawomberedwa mu 1940, pamene Zofia ndi Lidia adafera kumsasa wa Treblinka mu 1942.

Ngakhale zidatero, chiyankhulocho sichidafe. Mu 1954 bungwe la UNESCO lidavomereza kuti ntchito ya oyankhula Esperanto ikugwirizana ndi zolinga zake. Quechua naye, amene adanyozeka kwa zaka mazana, adavomerezedwa ndi boma la Peru mu 1975.

Lero Quechua ali ndi anthu mamiliyoni amene amamuyamwira ku Peru, Bolivia ndi Ecuador, ngakhale makolo ambiri m'mizinda akulera ana awo m'Chisipanishi. Esperanto ali ndi ochepa obadwa naye, koma ambiri amamuphunzira mwa kufuna kwawo, makamaka pa intaneti. Chaka chilichonse pa 15 Disembala iwo amakumbukira dokotala wa maso wa ku Białystok uja.