Thérèse Woyera wa ku Lisieux, Namwali Wopempherera Anthu Osawadziwa

Pa 1 Okutobala chaka ndi chaka Eklezia Katolika amakumbukira Thérèse Woyera wa ku Lisieux, amene Akristu ambiri kwathu kuno amamtcha Tereza wa Mwana Yesu. Moyo wake pansi pano udali waufupi, zaka 24 zokha, ndipo zaka 9 zotsiriza adakhala m'kati mwa mpanda wa nyumba ya asisitere. Komabe namwali ameneyu ndiye mphunzitsi wathu pa mwambo wakalekale wa Akristu, mwambo wopempherera munthu amene ali pa ngozi, ngakhale sitikumdziwa dzina, mtundu kapena mudzi.

Ubwana wake

Thérèse Martin adabadwa pa 2 Januwale 1873 mu mzinda wa Alençon ku France. Bambo wake, Louis Martin, adali mmisiri wokonza mawotchi, ndipo mayi wake, Zélie, adali ndi ntchito yoluka nsalu zamaluwa zimene mzindawo udatchuka nazo. Banjali lidabala ana 9. Anayi adamwalira ali aang'ono, ndipo asanu otsalawo, onse aakazi, adadzakhala asisitere. Thérèse ndiye adali chitsirizira.

Ali ndi zaka zinayi mayi wake adamwalira, mu Ogasiti 1877, ndipo bambo adasamutsira banja ku Lisieux. Imfa imeneyi idamsandutsa mwana wamanyazi ndi wosachedwa kulira. Mkulu wake Pauline, amene adamlera m'malo mwa mayi, adalowa ku nyumba ya asisitere a Carmel mu 1882, ndipo pasanapite nthawi yaitali Thérèse adadwala kwambiri. Adachira pa 13 Meyi 1883, atapenyetsetsa chifanizo cha Amayi Maria ndi kuona kuti akumumwetulira. Mtima wa chibwana uja wodandaula pa kanthu kalikonse udamchokera usiku wa Khirisimasi wa 1886, ndipo iye mwini adawerenga usiku umenewo ngati tsiku la kutembenuka kwake. Kuyambira pamenepo adaleka kudziyang'ana yekha, nayamba kuganizira za chipulumutso cha ena.

Mlandu wa Pranzini

M'mwezi wa Malichi 1887 mu mzinda wa Paris mudachitika chinthu choopsa. Akazi awiri ndi kamtsikana kamodzi adapezeka ataphedwa mwankhanza m'nyumba ina ya mu msewu wa Montaigne. Apolisi adagwira munthu wina dzina lake Henri Pranzini, wobadwira ku Alexandria m'dziko la Egypt, amene adamupeza ku Marseille. Pa 13 Julayi bwalo lidagamula kuti aphedwe. Iye adakana mlanduwo mpaka potsiriza, ndipo mbiri idamveka kuti sadafune kumva za kulapa. Nyuzipepala zidamtcha chilombo, ndipo anthu ambiri adangodikira tsiku loti adzamdule mutu.

Nthawi imeneyo Thérèse adali ndi zaka 14. Lamulungu lina m'chilimwe chomwecho, poona chithunzi cha Ambuye atakhomedwa pa mtanda, adagwidwa chisoni poona magazi akutsika kuchokera m'dzanja ndi kugwera pansi popanda wowalandira. Adatsimikiza mtima kuti adzaima mu mzimu patsinde pa mtanda, kuti alandire magaziwo ndi kuwapereka kwa ochimwa. Tsono atamva za Pranzini adati ameneyu ndiye woyamba.

Tiyeni tione bwino, abale okondedwa, kutalikirana kwa anthu awiriwa. Wina adali mtsikana wa m'banja lopemphera, amene bambo wake sadamlole ngakhale kuwerenga nyuzipepala. Mnzakeyo adali munthu wamkulu, woyendayenda, wogamulidwa kuti ndi wakupha. Sadaonanepo, sadalemberanepo kalata, ndipo Pranzini adafa osadziwa kuti ku Lisieux kuli mwana womdera nkhawa. Thérèse adapemphera, adadzimana zinthu, napereka kwa Mulungu zabwino zonse za Ambuye Yesu ndi chuma cha Eklezia. Adapempha mkulu wake Céline kuti akaperekere Nsembe ya Misa pa cholinga chake, poyamba osatchula dzina poopa kusekedwa. Koma Céline atamva zonse sadaseke, adalowa naye m'mapempherowo. Thérèse adauza Mulungu kuti akukhulupirira chifundo chake ngakhale munthuyo atafa osaonetsa kulapa kulikonse, koma adapemphako chizindikiro chimodzi chaching'ono choti chimlimbitse mtima.

M'mamawa pa 31 Ogasiti 1887 Pranzini adatulutsidwa m'ndende ya La Roquette osalapa kwa wansembe. Koma atafika pa makina odulira mutu, adatembenuka mwadzidzidzi, napsompsona mtanda umene wansembe wa ndendeyo adali nawo m'manja. M'mawa mwake Thérèse adatsegula nyuzipepala ya Chikatolika yotchedwa La Croix, nawerenga zimenezi, nathawira kobisika kuti misozi yake isaoneke. Kuyambira tsiku limenelo adamtcha Pranzini mwana wake woyamba, ndipo ngakhale atalowa usisitere adapitiriza kumperekera Misa. Eklezia sadanenepo kumene mzimu wa Pranzini uli, pakuti zimenezo ndi za Mulungu yekha. Chimene tidziwa n'chakuti pa ola lake lotsiriza sadali yekha.

Ku Carmel

Pofuna kulowa usisitere asanakwane msinkhu, Thérèse adapita ku Roma ndi bambo wake, ndipo pa 20 Novembala 1887 adagwada pamaso pa Papa Leo XIII napempha chilolezo. Adalowa ku Carmel ya ku Lisieux pa 9 Epulo 1888 ali ndi zaka 15, nachita malumbiro ake pa 8 Sepitembala 1890. Ntchito zake zidali kusesa, kuchapa, kukonza zipangizo za pa guwa ndi kuthandiza kuphunzitsa asisitere atsopano. M'menemo adapeza njira yake yaing'ono, ndiyo kuchita zazing'ono ndi chikondi chachikulu, ndi kudalira Mulungu monga mwana adalira bambo wake.

M'mwezi wa Okutobala 1895 kudafika kalata yochokera kwa mnyamata wa ku seminale, Maurice Bellière. Iyeyu adali pafupi kupita ku usilikali, ndipo poopa kuti angataye kuitanidwa kwake, adapempha kuti sisitere mmodzi azimpempherera. Amayi aakulu a nyumbayo adapereka ntchitoyi kwa Thérèse. Chaka chotsatira adalandiranso wachiwiri, Adolphe Roulland, amene adapita kukalalika ku China. Bellière ndi Thérèse adalemberana makalata koma sadaonanepo maso ndi maso.

Pano nkhaniyi ifika pa khomo pathu. Bellière adalowa m'chipani cha Azibambo Oyera, nadzozedwa unsembe mu 1901, ndipo mu 1902 adatumidwa ku dziko lino, limene nthawi imeneyo linkatchedwa British Central Africa. Adagwira ntchito ku Chiwamba ndi ku Likuni pamene misiyoni idali kungoyamba. Moyo wake sudali wofewa: matenda ndi zovuta zina zidamfooketsa, adabwerera ku France, namwalira mu 1907 m'chipatala cha Bon Sauveur ku Caen, momwe bambo wa Thérèse adagonamonso zaka zitatu. Pemphero la Woyera silidamchotsere mtanda, koma mbewu imene iye ndi anzake adafesa idamera, ndipo ife tikudya zipatso zake.

Imfa yake

Usiku wolowa Lachisanu Loyera la 1896 Thérèse adasanza magazi koyamba. Chidali chifuwa chachikulu. Masiku omwewo mdima udagwa pa mzimu wake, kotero kuti za Kumwamba zidaoneka ngati nthano chabe. Iye sadaleke kukhulupirira, koma adapereka mdimawo chifukwa cha anthu opanda chikhulupiriro, amene adawatcha abale ake. Atafooka kale, ankadzikakamiza kuyenda m'munda, napereka kutopa kwake chifukwa cha wansembe wina wosamdziwa amene adatopa pa ulendo kutali. Adamwalira madzulo a 30 Sepitembala 1897.

Zolemba zake zidasindikizidwa mu 1898 ndipo zidafalikira msanga. Papa Pius XI adamuika m'gulu la Oyera pa 17 Meyi 1925, ndipo mu 1927 adamtcha Nkhoswe ya Misiyoni pamodzi ndi Francis Xavier Woyera. Papa John Paul II adamtcha Mphunzitsi wa Eklezia mu 1997, ndipo makolo ake onse awiri adaikidwa m'gulu la Oyera mu 2015.

Phunziro kwa ife

Timavomera mu Kumvera kwa Apostoli kuti tikhulupirira chiyanjano cha oyera. Ngati tili ziwalo za thupi limodzi, ndiye kuti pemphero la mmodzi lingathe kufika kwa wina ngakhale pakati pali nyanja. N'chifukwa chake Akristu m'maiko ambiri, akamva kulira kwa ambulansi kapena belu la munthu amene ali kutsirizika, amaima pang'ono, nachita chizindikiro cha mtanda, nanena Tikuoneni Maria mmodzi. Sitifunsa ngati wovulalayo ndi Mkatolika, kapena ngati ngoziyo adaiputa yekha. Thérèse sadapempherere munthu wabwino. Makolo athu adanena kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Inu akatekisti, phunzitsani ana mwambo umenewu. Mukamva kuti basi yagubuduzika, bwato lamira, kapena mayi akuvutika pobereka, yambitsani pemphero pomwepo. Koma muwauzenso kuti amene ali pafupi ndi ngozi ayenera kuthandiza ndi manja, monga Msamariya uja, ndi kuitana dokotala ndi wansembe msanga. Pemphero ndi gawo la onse, ngakhale nkhalamba, odwala ndi ana amene sangathe kuchita china. Thérèse Woyera wa Mwana Yesu atipempherere, kuti ifenso pa ola lathu tidzapeze wotikumbukira.