Ukalamba wa George Müller

Ambirife timamudziwa George Müller monga tate wa ana amasiye ku Bristol, kumene analera ana oposa 10,000 osapemphako munthu ndalama, koma Mulungu yekha. Za ukalamba wake sitikambakamba. Mu 1875, akuyandikira zaka 70, msinkhu umene ife timayamba kufunafuna mthunzi, anasiya nyumba za anawo m'manja mwa mkamwini wake, James Wright, nanyamuka ndi mkazi wake Susannah kukalalikira Uthenga Wabwino. Kwa zaka 17 anayendera maiko 42, mpaka India, China ndi Australia, pa sitima zapamadzi zolemetsa ngakhale anyamata. Maulendowo anatha mu 1892. Anamwalira pa 10 Marichi 1898, atatsogolera mapemphero dzulo lake madzulo.