Feynman: katswiri yemwe adalota zosuntha maatomu

Pa 29 Disembala 1959, Richard Feynman adaima pamaso pa akatswiri anzake a physics ku Caltech, m'dziko la America, n'kuwauza zomveka ngati maloto a chumba. Iye adati tsiku lina munthu adzatha kusuntha maatomu limodzilimodzi n'kupanga makina osaoneka ndi maso.

Mkuluyu adabadwira ku New York pa 11 Meyi 1918. Adaphunzira ku MIT, ndipo PhD adaipata ku Princeton mu 1942. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse adagwira nawo ntchito yopanga bomba la atomiki ku Los Alamos, uku mkazi wake Arline akudwala TB, yomwe idamutenga mu 1945. Atatha kuphunzitsa ku Cornell adalowera ku Caltech.

Pofuna kuti maganizo ake asathere pakamwa, Feynman adalonjeza mphoto ziwiri za madola 1,000. Yoyamba, ya kamota kakang'ono kwambiri, adaitenga William McLellan mu 1960. Yachiwiri, yochepetsa tsamba la buku maulendo 25,000, idadikira mpaka 1985 pomwe Tom Newman wa ku Stanford adakwanitsa.

Feynman adalandira mphoto ya Nobel mu 1965 pa kafukufuku wina, wa kuwala ndi maelekitironi. Adamwalira ndi khansa pa 15 Febuluwale 1988.

Chaka chotsatira, akatswiri a kampani ya IBM adandandalika maatomu 35 n'kulemba dzina la kampaniyo. Lero ntchitoyi imatchedwa nanotechnology, koma mwini malotowo adapita asadaone.