Babe Ruth, mwana wosamva amene New York inamulira

Mwina simunaonepo masewera a baseball. Kuno kwathu timakonda mpira wamiyendo, ndipo dzina la Eusébio ngakhale mwana amalidziwa. Ku America dzina lotero ndi la Babe Ruth. Kuti mumvetse nkhani yake, dziwani kaye izi: wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi cibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi. Akakamenya mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, palibenso womugwira, amangozungulira mwaufulu. Kumenya kotere amati home run.

George Herman Ruth anabadwa pa 6 Febuluwale 1895 mumzinda wa Baltimore. Bambo ake anali ndi malo ogulitsira mowa, ndipo mwa ana asanu ndi atatu a m'banjamo, awiri okha ndi amene anakula. George anali wosamva: kuthawa sukulu, kuyendayenda m'misewu, kutafuna fodya. Ali ndi zaka 7 makolo ake anakamusiya ku St. Mary's Industrial School, sukulu ya ana amasiye ndi ana ovuta, yoyendetsedwa ndi abulazala acikatolika. Taganizani, mwana wa zaka 7! Anakhala kumeneko pafupifupi zaka 12, kutuluka pang'ono n'kubwereranso.

Kusukuluko anaphunzira kusoka malaya. Anali wamanzere, koma anamukakamiza kulemba ndi dzanja lamanja. Kumeneko anakumananso ndi Bulazala Matthias, munthu wamtali ndi wojincha amene ankamenya mpira kutali zedi. Mnyamatayo ankaonerera n'kumatengera. Mpaka kukula kwake ankamulemekeza ngati bambo ake enieni.

Mu 1914 Jack Dunn, mwini timu ya Baltimore Orioles, anamulemba nchito. Poona kuti ndi wamng'ono ndipo sadziwa za kunja, anzake anayamba kumuitana Babe, kutanthauza kamwana. Dzinalo linamukakamira. Caka comweco anapita ku Boston Red Sox, kumene nchito yake inali yoponya mpira, osati kumenya kwenikweni. Anali katswiri, ndipo timuyo inapambana World Series mu 1915, 1916 ndi 1918.

Koma cibonga cinkamukoka. Mu 1919 anamenya ma home run 29, kuposa aliyense m'mbuyomo. Kenako mwini timu ya Boston anamugulitsa ku New York Yankees pa madola 100,000. Anthu a ku Boston anadandaula nazo kwa nthawi yaitali, cifukwa kucokera 1918 anadikira zaka 86 kuti apambanenso, mu 2004.

Ku New York ndiye zinafika posaneneka. Mu 1920 anamenya 54, yekhayekha kuposa timu ina iliyonse yathunthu mu American League. Mu 1927 anafika pa 60. Kale osewera ankamenya mocenjera, pang'onopang'ono. Ruth ankamenya ndi mphamvu zonse, akaphonya waphonya basi. Bwalo la Yankee Stadium litatsegulidwa mu 1923, anamenya home run pamasewera oyamba. Mu 1930 ankalandira madola 80,000 pacaka, kuposa pulezidenti wa dzikolo.

Musaganize kuti anali mngelo, ayi. Ankadya mosadziletsa, kumwa, kucezera usiku, kukangana ndi akuluakulu ake. Mu 1925 anadwala mpaka kumucita opaleshoni. Komabe ana ankamukonda, nayenso ankawakonda, ndipo ankakonda kukaceza m'zipatala ndi m'nyumba za ana amasiye. St. Mary's itapsa ndi moto mu 1919, iye anayenda ndi gulu la oimba a pasukulupo kusonkhetsa ndalama zomangiranso. Tisaiwalenso cinthu cimodzi: nthawi yake yonse akatswiri acikuda, monga Josh Gibson, sankaloledwa kusewera m'ligi imeneyo. Khomo linatseguka mu 1947 ndi Jackie Robinson, ndipo amene anadzaposa ma home run 714 a Ruth mu 1974 anali munthu wakuda, Hank Aaron.

Cimene cinamupweteka mtima n'cakuti atasiya kusewera mu 1935 ankafunitsitsa kukhala mtsogoleri wa timu. Eni matimu sanamukhulupirire, poona mmene ankakhalira. Anadikira, koma nchitoyo sinabwere.

Mu 1946 anayamba kumva ululu kumutu ndi kukhosi. Inali khansa. Pa 13 Juni 1948 anabwera komaliza ku Yankee Stadium atavala malaya ake a nambala 3, ataonda, akutsamira cibonga ngati ndodo ya nkhalamba. Anamwalira pa 16 Ogasiti 1948 ali ndi zaka 53. Thupi lake analiika pabwalo lomwelo masiku awiri, ndipo anthu oposa 70,000 anadutsa kudzamuona, abambo ena atanyamula ana m'manja kuti nawonso aone. Mwambo wamaliro unacitikira m'chalichi ca St. Patrick. Manda ake ali ku Hawthorne, kumpoto kwa mzinda wa New York, ndipo mukapitako lero mudzapeza timipira ndi zibonga zimene anthu amasiya pamenepo.